Bulu Wanga ndi Kavalo wa Che Saide

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinayenda pa mota, njinga yamoto yaing'ono yofiira, ya mtundu wa zija zodzaza pamsika wa Mandimba, ndipo sindinaidandaulepo mpaka tsiku limene Che Saide ananditumizira chithunzi pa foni. Pachithunzipo panali mota yakuda, yaikulu ngati mwana wa ng'ombe, ya zija zothamangira mpikisano, yowerama kutsogolo ngati ikufuna kudumpha mtsinje. Pansi pake analemba kuti: "Achimwene, iyi yachokera ku Joni. Ndi yakale, koma injini yake ikuposa yanu kanayi. Tisinthane, wina asawonjezere kanthu."

Che Saide ndi mnzanga wa kuubwana. Tinakulira limodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo mtendere utabwera tinabwerera kwathu pa lole imodzi. Iye ndi Msilamu, ali ndi ofisina yokonzera mota ku Cuamba. Ine ndine mkulu wa mpingo. Mkati mwa sabata ndimagula nsomba zouma ku Amaramba n'kukazigulitsa ku Cuamba, ndipo kawiri pamwezi ndimayendera timipingo tathu ta m'midzi ya Ngauma, kumene abusa amafikako mwa apo ndi apo.

Mota yanga ija, mkazi wanga, mayi a Lusiya, anaitcha Bulu, chifukwa sithamanga komanso sikana katundu. Mpando wake ndinautalikitsa ndekha ndi thabwa ndi siponji, iwo n'kusokerapo lona, kuti pazikwana anthu atatu. Kwathu kuno wodwala sakwera mota yekha. Amakhala pakati, woyendetsa kutsogolo, wachibale kumbuyo atamukumbatira, ndipo onse atatu amamangidwa m'chiuno ndi chitenje chimodzi. Bulu wanyamula ambiri motero.

Mayi a Lusiya anachiyang'ana chithunzi chija nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi zala.

"Ine ndizikhala pati?"

"Kumbuyo, monga mwa masiku onse."

"Kumbuyo kwake kuti, bambo a Lusiya? Apa ndikuonapo chivindikiro cha poto."

Mayankho ndinali nawo. Msewu wa ku Cuamba tsopano ndi wa phula, ndinatero. Nsomba ndizizitumiza pa chapa, minibasi zathu zija, ine n'kumakazichingamira. Ku Ngauma ndizifika mapemphero asanayambe, osati anthu akutseka ndi dalitso monga zimachitikira ndi Bulu. Zonsezi zinali zoona. Ndinapempheranso, koma ndivomereze kuti linali pemphero la munthu amene wamanga kale katundu.

Ndinanyamuka Lachinayi kukucha, mabasiketi awiri a milamba ndi chambo ali kumbuyo. Inali nyengo ya dzuwa, mango akadali anthete. Malole opita kudoko ankandidutsa n'kundikankha ndi mphepo yawo, ine ndikukwawa m'mbali mwa phula. Nditangopitirira Congerenge, tayala lakumbuyo linaphwa. Womata matayala anali atapita kumaliro, choncho ndinakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi anthu odikira chapa. Zitatu zinadutsa zitadzaza mpaka pakhomo. Yachinayi inaima, ndipo wolipiritsa anayang'ana bambo wina amene anali ndi mbuzi yomangidwa miyendo.

"Mbuziyo ilipira ngati munthu, madala."

"Chabwino, mwana wanga. Ndiye uipatse mpando wa pawindo, imachita chizungulire."

Tinaseka tonse, mbuzi inakwera padenga, ine ndinatsala. Womata uja anabwera dzuwa litapendeka. Pa Mississi ndinangomwa tiyi ndi pau, buledi wa kwathu kuno, choimirira, ndipo ndinalowa mu Cuamba amayi ondigula nsomba atayamba kale kulongedza. Ulendo wonsewo mtima wanga unkangoti: waona? Ukanakhala pa yakuda ija bwenzi utabwerera kale.

Ku ofisina Che Saide anachotsa nsalu imene anaiphimbira, n'kudina batani. Phokoso lake silinali la mota. Linali ngati mabingu a mvula imene ikadali kuseri kwa phiri. Nkhuku za oyandikana naye zinabalalika. Nditakwerapo, zigwiriro zinali patali ndi pansi, moti ndinawerama ngati munthu wopalira.

"Che Armando, inu sindingakunamizeni," anatero. "Gazolina imamwa ngati ili ndi ludzu la chaka. Tayala lake ku Mandimba simulipeza, mwina ku Nampula. Batire yatopa. Ndipo chopondera choyatsira injini ilibe. Batani likakana, mukankha."

"Nanga inu mukufuniranji kanga kaja?"

"Kanu kamagulika lero lomwe. Pali munthu wa ku Etatara, wogula nandolo, wakhala akundivutitsa kuti ndimupezere kotere. Koma iyi ikufuna mwini wake wolimba mtima. Anyamata amangoijambula n'kumapita."

Tinapangana motere: nditenge yakudayo ndikaiyese, Bulu atsale. Mapepala tisasinthane kaye. Ndikapanda kubwera Lachiwiri isanakwane swala ya masana kumzikiti, ndiye kuti ndavomera, ndipo Bulu apita ku Etatara tsiku lomwelo. Tinagwirana chanza, ndipo pakati pa ine ndi Che Saide chanza ndi chokwanira.

Lachisanu m'mawa ndinatuluka mu Cuamba. Za ulendo umenewo ndisabise: unandikoma. Nditazolowera magiya ndinapotokola dzanja pang'ono chabe, ndipo mitengo inayamba kuthamangira kumbuyo. Malole aja amene amandikankha ndinawadutsa limodzi limodzi. Mlatho wa Lugenda ndinangoumva kugunda kawiri pansi pa matayala. Ndinaimba nyimbo zotamanda m'chisoti mpaka mawu kusasa, ndipo ndinathokoza Mulungu amene anapatsa anthu nzeru yopanga chinthu chotere. Mpaka lero sindiona cholakwa m'kuthokoza kumeneko.

Pafupi ndi Mandimba apolisi anandiimitsa. Mapepala a mota anali ndi dzina la Che Saide, ndiye anati ndimuimbire. Foni yake inali yozima, chifukwa linali Lachisanu ndipo anali kumzikiti. Ndinadikira padzuwa koposa ola. Atayankha n'kutsimikiza, wapolisi wamkulu anandibwezera mapepala koma sanasunthe.

"A mkulu, musanapite, tailizeni kamodzi timve."

Ndinailiza. Anatseka maso ngati akumva kwaya.

Kunyumba mayi a Lusiya anaizungulira kawiri. Kenako anaika chikhatho pa kampando kakumbuyo kaja, n'kuwonjezera zala zitatu za dzanja linalo, ndipo kampandoko kanathera pomwepo. Anangofunsa ngati Bulu ndamusiya pamthunzi.

Loweruka ndinanyamuka kupita ku Ngauma, kumudzi wina wa m'mapiri a kumalire kumene tili ndi kampingo ka mabanja ochepa. Kuchokera ku Mandimba kufika pa Massangulo ndinangoona ngati ndaphethira. Koma pamenepo phula limapitirira kwake, ine n'kukhotera m'njira ya fumbi. Mota ija inasintha nkhope. Pamiyala inkagunditsa mimba. Pamchenga tayala lakutsogolo linkasankha lokha kopita. Manja anayamba kuwawa chifukwa thupi langa lonse linkatsamira pa iwo. Pa dambo lina louma inapendekera kumanzere pang'onopang'ono, ine ndikuona, ndipo inagona.

Bulu akagwa ndimamudzutsa ndi dzanja limodzi, mabasiketi ali pomwepo. Iyi ndinaikoka, ndinaikankha ndi msana, ndinakumba mchenga pansi pake, koma sinasunthe. Ndinakhala pambali pake ngati mlonda wa mtembo wa ng'ombe. Patapita nthawi kunabwera amayi awiri ochokera kokumba chinangwa ndi bambo wina wokankha njinga ya makala.

"Pepani, pepani. Eni ake mota apita kuti?"

"Ndine ndemwe, mayi."

"Ayi, tikunena eni ake enieni."

Tinaidzutsa anayi. Pa mlatho wa mitengo wolowera m'mudzi anachita kundigwirira amuna atatu. Ndinafika mochedwa kuposa mmene ndimafikira ndi Bulu, koma mudzi wonse unatuluka kudzaona, akuluakulu akuigwira thanki ngati akusisita ng'ombe ya pa ukwati, ndipo kutopa konse ndinakuiwala. Ndinadziuza kuti mchenga ndi nkhani ya kuzolowera basi.

Lamulungu tinayamba mapemphero popanda mayi Rosa, amene amatsogolera nyimbo. Anati malungo awagwira kuyambira Lachinayi. Tinawapempherera, ine n'kutsegula Malemba. Ndili pakati pa ulaliki ndinaona amuna awo, bambo Kalisto, ataima pakhomo la tchalitchi. Sanalowe. M'dzanja anali ndi chitenje chopindidwa. Chitenje chimenecho ndimachidziwa tanthauzo lake, ndipo ndinatseka buku pomwepo.

Mayi Rosa anali atasiya kuyankha. Thupi linali moto, khosi likungolendewera. Anawanyamula n'kubwera nawo pamene panali mota, monga amachitira nthawi zonse a mkulu akakhala m'mudzi, ndipo atafika anaima. Aliyense anayang'ana kampando kaja, ka chikhatho ndi zala zitatu, kokwera pamwamba ngati chisa, kopanda pogwira.

Tinayesa. Ndinakwera, anawakhazika kumbuyo kwanga, koma ine ndinali nditawerama kutsogolo ndipo iwo analibe msana wotsamira. Anatsetserekera pambali. Bambo Kalisto anayesa kukhala kumbuyo kwawo, koma kumbuyoko kunali nyali yofiira basi. Ngakhale tikanawamanga kwa ine ndi zitenje zitatu, ndinakumbukira dambo la dzulo lija, ndi kulemera kwa chitsulo chimene chikanawagwera pamwendo. Mota yokhayo ya m'mudzimo inali itapita kumsika ku Malawi. Galimoto siingawoloke mlatho wa mitengo uja, choncho kuthamangira kukaitana thandizo sikukanapindula.

Bambo Kalisto sanandidzudzule. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "A mkulu, kodi ija yofiira yawonongeka?"

"Ili bwino, achimwene. Ndaisiya ku Cuamba."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa amuna ena. "Dulani nsungwi."

Tinamanga machira ndi nsungwi ziwiri, mphasa ndi chitenje chomwe chija. Makiyi a mota ndinawaponya m'thumba, n'kutenga ngodya yakutsogolo kumanzere. Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, amuna asanu ndi atatu osinthana anayi anayi, amayi atatu akutsatira ndi madzi ndi nsalu yonyowetsa pachipumi cha wodwala. Anandiuza kangapo kuti ndipumule, poti ndine wamkulu. Ndinakana. Njira imene Bulu amaidya mphindi makumi anayi ali ndi anthu atatu, ife tinaiyenda maola atatu ndi theka.

Munthu akasenza nsungwi paphewa amakhala ndi nthawi yoganiza. Ndinakumbukira wapaulendo uja wa m'Malemba amene anapeza munthu wovulazidwa m'mbali mwa msewu. Ndamulalikirapo kambirimbiri, za chifundo chake, za mafuta ndi vinyo, koma sindinaganizepo za chiweto chimene anakwera tsikulo, kuti chinali ndi msana wokwana kukwezapo munthu wosatha kudzigwira. Ndinakumbukiranso mbusa wachinyamata uja amene anavekedwa zida za mfumu, zabwino ndithu, zonyezimira, koma anazivula chifukwa sizinali za ntchito imene iye anaitanidwira. Mota ya Che Saide sinali yoipa. Sinandinamize ngakhale pang'ono, ndiponso mwini wake sanandinamize. Ine ndi amene ndinayeza ulendo ndi maola okha, n'kuiwala kuwerenga anthu. Sindinataye mtima, pakuti ndimamudziwa Amene ndimamutumikira, kuti akamalanga mwana sachotsa dzanja lake pa iye. Ndinangopempha chinthu chimodzi pa sitepe iliyonse: Ambuye, kupusa kwanga kusalipiridwe ndi mayi uyu.

Tinafika kuchipatala cha pa Massangulo dzuwa litapendeka. Anamwino sanataye nthawi ndi mafunso, anawaika diripi nthawi yomweyo. Ife tinagona kwa m'bale wina wa mumpingo. Lolemba m'mawa bambo Kalisto anatipeza tikusamba m'maso, ndipo nkhope yawo inalankhula iwo asanatsegule pakamwa. Mayi Rosa anali atatsegula maso, atapempha madzi, n'kufunsa amene waphikira ana. Tinagwada pabwalo pomwepo, pafumbi.

Tsopano nkhani inatsala ya Bulu. Ndinabwerera wapansi kumudzi kuja kukatenga mota, mapewa atasupuka. Nditadina batani inangoti kete, basi. Batire ija. Pamchenga siikankhika, ndiye tinaikwezera kuphiri, mpingo wonse, mpaka pamunda wa chinangwa pamene njira imatsetsereka. Kawiri ndinatsika nayo koma sinalire, kawiri tinaikwezanso. Mayi wina wachikulire anapukuta thukuta n'kunena kuti, "A mkulu, kavalo wanuyu ndi wa mafumu. Amafuna anthu ambiri omutumikira." Kachitatu inabangula, ndipo sindinayang'anenso kumbuyo. Ndinafika ku Mandimba madzulo n'kuiimika pamtunda, mphuno italoza kumunsi.

Mayi a Lusiya anamvetsera nkhani yonse osandidula. Nditamaliza anati, "Mawa ndi Lachiwiri."

"Ndikudziwa."

"Ndakazinga mtedza woti mudye m'njira. Musaime pa tiyi."

Lachiwiri oyandikana nafe anandikankha, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti injiniyo sindiizimitsa mpaka ku Cuamba. Koma pamalo paja apolisi anakwezanso dzanja. Anali wamkulu yemwe uja.

"A mkulu a kwaya! Zimitsani tione mapepala."

"Bwana, mapepala ndi omwe aja. Koma ndikazimitsa, okankha mukhala inu."

Anaseka, koma lamulo ndi lamulo, ndinazimitsa. Ataona mapepala anaitana mnzake, anaika zipewa zawo patebulo, ndipo apolisi awiri a boma anandikankha pamsewu waukulu anthu a m'chapa akuwomba m'manja.

Nditawoloka Lugenda nyali ya gazolina inayaka. Pa Mississi ndinaima kwa bambo wogulitsa gazolina wa m'mabotolo, koma iye anakanitsitsa kuthira injini ikulira. "Ndili ndi ana, bambo. Mukufuna tipse tonse?" Anali ndi chifukwa. Ndinazimitsa. Inameza mabotolo asanu ngati sinamwe kanthu, ndipo pamalopo panalibe potsetsereka. Amuna anali kuminda kokonza mizere. Amene anandikankha anali amayi ogulitsa nthochi, atamanga zitenje zolimba, akukuwa m'Chimakhuwa mawu amene sindinawamve koma ndinadziwa kuti sanali ondiyamikira. Inalira ulendo wachinayi. Ndinayang'ana dzuwa, linali litatsala pang'ono kufika pamutu. Apa ndiye ndinapotokola dzanja, ndipo kavalo uja anachita ntchito imodzi imene anapangidwira: anandithamangitsa kukamubweza.

Ndinalowa pa ofisina kuitana kwa kumzikiti kusanamveke. Bulu anali panja, atatsukidwa, ndipo bambo wina wa chipewa choyera anali atakhala pampando wake wautali, akudumphadumpha kuyesa masipuling'i. Che Saide anatuluka akupukuta manja.

"Che Armando! Mwabwera kudzasaina, kapena mwabwera kudzalira?"

"Ndabwera kudzatenga wanga."

"Yakuvutani chiyani? Siithamanga?"

"Imathamanga kuposa mmene munanenera. Koma ndi ya munthu mmodzi, achimwene, ndipo ine sindiyenda ndekha."

Ndinamufotokozera za mayi Rosa. Anamvetsera atayang'ana pansi, kenako anapita kwa bambo wa ku Etatara uja n'kulankhula naye pambali. Bamboyo anatsika monyinyirika, akunena kuti mpando wotere ukanakwana matumba awiri a nandolo, koma Che Saide anamulonjeza kumupezera ina. Atabwerera anandiponyera makiyi.

"Tengani, ndipumule. Mukudziwa zimene kandichitira kameneka? Loweruka ndinakwera kupita kumsika. Mayi wina wa nsomba wa ku Amaramba anangoona mpandowo n'kutaya beseni, kuyamba kulira. Akuti, 'Kodi a mkulu amwalira liti?' Ndinati ali moyo, tangosinthana. Sanakhulupirire. Akuti munthu ameneyo sangasiyane ndi mota iyi ali moyo, inanyamula mwana wanga. Anthu anandizungulira ngati ndaba za pamaliro. Ndinachita kulumbira."

Pomwepo kuitana kwa swala kunamveka. Che Saide anavala kofia, n'kuloza yakuda ija ndi chibwano. "Iyi idikira mwini wake. Inu pitani, dzuwa lingakuthereni. Kanuko sikathamanga."

Ndinaponda chopondera kamodzi, Bulu anayankha. Ulendo wobwerera unanditengera maola anayi ndi theka. Malole onse anandidutsa, ndipo ndinawapatsa njira ndi mtima woyera.

Lachisanu mayi Rosa anatulutsidwa m'chipatala, ndipo ndinapita kukawatenga. Anali ofooka, koma ankatha kumwetulira. Anakhala pakati, bambo Kalisto kumbuyo, ndipo anatulutsa chitenje chomwe chija, chitang'ambika pangodya pamene chinakhuzana ndi nsungwi. Anachizunguliza m'chiuno mwa tonse atatu n'kumanga mfundo pamimba panga.

"A mkulu, pamchenga paja muyende pang'onopang'ono."

"Musadandaule, achimwene," ndinatero. "Uyu kuthamanga sakudziwa."